Thandizani: injini ya dune buggy yameza valavu, ndiyambire pati?

Mchenga1600:

Moni nonse akuluakulu, mundipirire nkhani yake ndiyayitali pang'ono. Ndinatenga ka dune buggy kwa munthu wina amene kanamutopetsa, kanangokhala kovindikira ndi tenti zaka zingapo. Kwa amene simukadziwa, ndi kagalimoto kopanda denga koyendera mumchenga, bodi yake ndi ya fibreglass koma pansi ponse ndi VW Beetle yakale imene anaidula pakati kuti ifupike, injini ili kumbuyo. Injini yake ndi 1600 ija ya dual port (mabowo awiri olowera mpweya ndi petulo pa hedi iliyonse), yozizira ndi mpweya, ilibe rediyeta ilibe madzi.

Tsiku loyamba tinasintha oyilo ndi batire, kanalira bwinobwino, ine mano onse pamtunda. Tsiku lachiwiri ndikukwera chitunda cha mchenga ndili mu giya yachiwiri ndapondereza mpaka pansi, ndinangomva kuti gwa! kenako khokhokho ngati munthu waponya miyala m'chitini, basi zii. Nditatsitsa injini n'kuchotsa hedi ya kumanzere ndapeza valavu ya ekizozi ya silinda nambala 3 yaduka mutu, mutuwo wabowola pisitoni, chibowo choti chala chikulowa.

Ndiye mafunso anga ndi awa. Kodi ndingosintha pisitoni ndi hedi ya mbali imeneyo ndibweze, kapena ndiphwasule injini yonse? Chachiwiri ndi kutentha, chifukwa ngakhale isanafe ndimamva kafungo ka oyilo wopsa, dipstick yake yosagwirika. Mwini wakale anachotsa timalata tambiri tozungulira injini akuti kuti izipuma bwino, n'kuika chivindikiro cha fani chonyezimira cha chrome. Ndikuganiza zoika oil cooler yakunja yaikulu. Chachitatu mawaya, mmmh apa ndiye pali zomvetsa chisoni, mawaya onse ndi ofiira, ena ndi a m'nyumba, olumikiza pongopota n'kukulunga tepi. Ndikaponda buleki ma indiketa akuyaka okha, sitata ikuzungulira mwaulesi, ndipo tsiku lina nditaliza ndinagwira kebulo ya kilachi inali yofunda. Zimenezi zikutheka bwanji? Ine si makaniko, ndimangodziwa kugwira sipanala, koma ndikufuna ndipange ndekha.

Madala_Sipanala:

Mwana wanga, valavuyo siinaduke yokha, inaphedwa, ndipo amene anaipha ndi uja anachotsa malata. Ndiyambe ndi pamenepo chifukwa mukapanga injini yatsopano n'kuibwezera yopanda malata chomwecho, muzabweranso pano ndi chithunzi china cha pisitoni yobowoka.

Anthu ambiri akamva zoti injini ndi yozizira ndi mpweya amaganiza kuti ndi mphepo ya pamsewu imene imaiziziritsa, ndiye mu buggy poti injini ili pambalambanda amati malata ndi achabe. Ayi ndithu. Imene imaziziritsa ndi fani ija ili kumbuyo kwa jenereta, imakoka mpweya n'kuukankhira pansi, ndipo malata aja ntchito yawo ndi kuukakamiza mpweyawo kuti udutse pakati pa zipsepse za masilinda ndi mahedi. Mpweya ndi waulesi, ukapeza pothawira umathawa. Mukachotsa lata limodzi, fani imangopemerera kunja pamene hedi ikupsa. Komanso mumchenga mumayenda pang'onopang'ono injini ikukoka mwamphamvu, mphepo yake iti imene mukuidalira?

Timalata timene anthu amaiwala kwambiri ndi tiwiri tating'ono tokhala pansi pa masilinda, kamodzi mbali iyi kena mbali iyo, timakanirira pakati pa masilinda awiri. Timeneti timalowa musanaike ma pushrod tube, mukaiwala ndiye kuti hedi ichokenso. Kawoneni ngati tilipo, ine ndikubetcha kuti palibe. Muwonenso timphira totseka mabowo a mapulagi pa malata a pamwamba, kabowo kamodzi kotseguka kamataya mpweya wambiri kuposa mmene mungaganizire.

Nanga bwanji nambala 3? Pa injini zakale oil cooler imakhala mkati mwa chivindikiro cha fani, itaima chilili kutsogolo kwa mpweya wopita mbali ya kumanzere, ndiye nambala 3 imalandira mpweya wochepa komanso wotenthedwa kale. A VW anazikonza mu 1971 ndi chivindikiro chimene timati doghouse, oil cooler inatuluka n'kukhala m'kanyumba kakekake kumbuyo, ili ndi mpweya wakewake wotulukira kwina, ndipo fani yake ndi yotakata kuposa yakale. Ndiye funso langa kwa inu, chi chrome chanucho chili ndi kanyumba kumbuyo kapena ndi chosalala? Zambiri zonyezimira zogula padera mkati mwake mulibe timapiko togawa mpweya monga mmene ziliri za VW zenizeni. Pezani doghouse yoyambirira ngakhale yadzimbiri, muipale muipente yakuda, imeneyo ndiye mankhwala. Mukaika doghouse muikenso fani yake yotakata ndi oil cooler yake, osasakaniza.

China chimene chimapha valavu ya ekizozi ndi kusachita matapeti, ndiko kukonza mpata wa mavalavu. Injini iyi imafuna mpata wa 0.15 mm pa mavalavu onse, injini itazizira kwatsikitsiki, yogona usiku wonse. Mpata ukatha valavu siikhala bwino pampando wake, ndipo pampandopo ndi pamene imatayira kutentha. Imafiira, khosi limawonda, tsiku lina mutu uja thyo. Galimoto yokhala zaka pansi pa tenti munayenera kuyamba ndi matapeti musanaiike pa chitunda, koma zapita zimenezo.

Za oil cooler yakunja, dikirani kaye. Imaziziritsa oyilo inde koma siiziziritsa hedi, ndipo valavu yanu inafera mu hedi.

Fundi_wa_Boxer:

Madala anena zoona zokhazokha. Ine ndiyankhe funso loyamba lija: phwasulani yonse achimwene, musanyengerere. Pisitoni ikabowoka tizidutswa ta aluminiyamu timagwera mu case, nyumba ija ya magawo awiri momwe mumakhala crankshaft, ndipo injini imeneyi ilibe fyuluta ya oyilo, ili ndi kasefa kawaya chabe pansi kamene kamagwira zinthu zikuluzikulu basi. Fumbi la chitsulo lija pano lili m'mabeyaring'i, lili mu pampu ya oyilo, lili mu oil cooler. Oil cooler yakaleyo musaibwezere ngakhale mutaitsuka bwanji, mkati mwake simuyera. Con rod ya nambala 3 nayonso ikayezedwe, imatha kupindika pang'ono poti maso sangawone.

Musanamasule chilichonse gwirani pulley ya crankshaft muikankhe n'kuikoka. Ikamagogoda kuti gu gu mukuiona ikuyenda, end play yapitirira. Imafunika ikhale pakati pa 0.07 ndi 0.13 mm, amaichita ndi ma shim atatu kumbuyo kwa flywheel, atatu nthawi zonse osati awiri. Ikakhala yambiri zedi nthawi zina ndi thrust bearing imene yadya case, ndiye case imafunika ipite ku makina akaibowole mwatsopano muike mabeyaring'i a oversize. Case yake ndi ya magnesium, ndi yofewa, ndiye musalowetse sikuludiraiva pakati kuti muigawe, mukakanda pokumanirapo izidontha oyilo moyo wake wonse chifukwa pamenepo palibe gasiketi. Ikakana kugawika ndiye kuti pali nati imene mwaiwala, fufuzani, kenako menyani pang'onopang'ono ndi hamala ya mphira. Komanso osayandikira ndi moto wa welding, magnesium ikayaka madzi saizimitsa, amangoiwonjezera ukali.

Ubwino wa injini iyi masilinda ake ndi ochoka lililonse palokha, ndiye simuboola block ngati galimoto zina, mumangogula seti ya mapisitoni ndi masilinda anayi a 85.5 mm, ndi stroke ya 69 mm imakupatsani 1584 cc ija timaitcha 1600. Musakopeke ndi zokulitsa injini ulendo woyamba uno, silinda yopyapyala imatentha msanga. Poika mapisitoni kamuvi kali pamwamba kaloze ku flywheel, onse anayi. Ine ulendo wanga woyamba ndinatembenuza awiri a mbali imodzi chifukwa ndinazungulira injini pa stand n'kusokonezeka, ndinazindikira nditamanga kale hedi, ndinatukwana ndekha mu galaja kkkk.

Mavalavu a ekizozi onse anayi atsopano, osati imodzi yokhayo, enawo anapsa limodzi akungodikira tsiku lawo. Muwone mahedi pakati pa mipando ya mavalavu ndi pa bowo la pulagi ngati pali ming'alu. Manati a hedi amamangidwa ndi torque wrench motsatira ndondomeko ya m'buku, ma stud a 8 mm ndi 25 Nm, a 10 mm ndi 32 Nm, zikumveka zochepa koma ndi choncho, injini ikatentha masilinda amakula n'kudzimanga okha. Mukakoka ndi mphamvu za m'manja stud imazuka mu case. Ikazungulira osagwira ikani ma case saver, tizitsulo tolowetsa mu case kuti stud igwirenso. Gland nut ya flywheel ndiye imafuna mphamvu zenizeni, cha m'ma 350 Nm, pezani chotsekera flywheel ndi chitsulo chachitali.

Chinthu chimodzi cha mumchenga chimene anthu a pamsewu sachidziwa: mbali ya pulley injini iyi ilibe oil seal. Pali timizere topota pa pulley timene timabweza oyilo mkati, koma timizere tomweto timakokanso fumbi ndi mchenga kulowetsa mu injini. Pali chimene amati sand seal, pulley yake ndi seal yake, poti injini yatseguka kale ikani. Air cleaner nayonso ikhale yabwino, mchenga ukalowa pa kabuleta maring'i atsopanowo satha mwezi. Ndipo ngati mungathe uzani a makina akubowolereni case kuti muike fyuluta yeniyeni ya full flow, yodutsamo oyilo yense.

Kuliza koyamba chotsani mapulagi muzungulitse ndi sitata mpaka getsi la oyilo lizime, kenako bwezani mapulagi, ikalira musaisiye pa idle, igwireni cha m'ma 2000 mpaka 2500 rpm kwa mphindi 20 kuti cam ndi ma lifter zizolowerane. Mukatero tayani oyiloyo, amalowa malita 2.5 okha, mawa lake m'mawa chitaninso matapeti. Firing order ndi 1-4-3-2.

Mayi_Magetsi:

Azibambo athana ndi zitsulo, ine ndilowe pa mawaya poti ndiye ntchito yanga. Achimwene mavuto atatu mwatchulawo, buleki yoyatsa indiketa, sitata yaulesi, kebulo yofunda, onsewo ndi matenda amodzi, earth.

Galimoto wamba bodi yake ndi yachitsulo ndiye getsi lililonse limangotenga waya mmodzi, moto umabwerera ku batire kudzera mu bodi. Yanuyo ndi fibreglass, siidutsa moto ngakhale pang'ono. Ndiye nyali ya buleki ikasowa njira yobwerera, moto umafunafuna pothawira n'kudutsa mu babu la indiketa, ndi zimene mukuonazo. Chilichonse chomangidwa pa bodi, nyali, geji, hutala, motor ya waipa, chimafuna waya wakewake wa earth wopita ku chassis. Ine ndimaika bawuti imodzi kutsogolo ina kumbuyo, ndimapala penti mpaka chitsulo chiwale, ma earth onse a mbali imeneyo amakumana pamenepo, ndikamanga ndimapaka kagirisi pamwamba kuti dzimbiri lisalowe.

Kebulo ya kilachi yofunda ija ndiyoopsa, musaiseke. Injini ndi giyabokosi zimakhala pa mphira, ndiye pali kalamba kolukana kawaya kochokera kutsogolo kwa giyabokosi kupita ku chassis. Kakaduka kapena kakachita dzimbiri, moto wonse wa sitata umabwerera kudzera mu kebulo ya kilachi ndi ya accelerator poti ndi zitsulo zokhazo zatsala. Ndinaonapo kebulo ya accelerator itafiira ngati waya wa mbaula mwini wake akungolimbikira kiyi. Gwadani pansi mukakawone, mwina palibiretu.

Koma kunena zoona musavutike ndi kukonza zimene zilipozo, zulani zonse muyambe pachiyambi. Buggy ili ndi ma circuit ochepa, ndi ntchito ya masiku awiri. Waya wa m'nyumba wa chitsulo chimodzi uja amathyoka ndi kugwedezeka, pamafunika waya wa galimoto wa tinsinga tambirimbiri. Gulani mitundu yosiyanasiyana, wa brown musungire earth yekha monga mmene a VW ankachitira, ndipo jambulani papepala musanadule waya ndi mmodzi yemwe.

Zida za chi German zili ndi manambala pa ma terminal, mukawadziwa theka la ntchito latha. 30 ndi moto wochokera ku batire nthawi zonse, 15 ndi moto umene umabwera mukatembenuza kiyi, 50 ndi wopita ku solenoid ya sitata, 31 ndi earth. Pa koyilo 15 ndi moto wolowa, 1 ndi wopita ku ma point mu distributor. Pa 15 ya koyilo pomwepo ndi pamene choke ndi ka solenoid ka idle pa kabuleta zimatengera moto, ndipo pa Beetle waya ameneyo alibe fyuzi, akakhudza injini amapsa kuyambira kumbuyo mpaka ku dashboard, ndiye muyendetseni bwino ndi kumumanga. Fuse box ikani pouma pomwe mchenga sufika, ine ndimakonda ya ma blade fuse, tija ta ceramic takale timachita dzimbiri kumapeto. Nyali zazikulu ndi ma spotlight zidutse pa relay. Paliponse waya akudutsa pa bowo ikani kamphira, fibreglass imacheka ngati sowo. Batire limangidwe zolimba ndipo terminal ya positive ivindikiridwe, ikani ndi swichi yodulira moto wonse pomwe dzanja lifika muli pampando.

Chomaliza chimene chikukhudzanso nkhani ya Madala. Ka getsi kofiira ka charge pa dashboard si kokongoletsa. Ngati muli ndi alternator, imadzuka kudzera mu babu limenelo pa terminal ya D+, mukaika LED yokha popanda resistor kawirikawiri siyamba kuchaja bwino. Komanso lamba amene amazungulitsa jenereta ndi yemweyo amazungulitsa fani, ndiye getsi limenelo likayaka muli paulendo tanthauzo lake lingakhale lakuti lamba waduka ndipo injini ilibe mpweya. Imani pomwepo, osati ndikafike kaye apo. Liikeni pamaso penipeni, lowala loti ndi dzuwa lomwe mulione.

TurboKid:

Aise bwanji ukuvutika ndi injini ya agogo? Ponyamo ya Subaru, nayonso ndi boxer, pali ma adapter plate ogwirizana ndi giyabokosi ya VW, mphamvu kuwirikiza kawiri kapena kuposa, fuel injection, suchitanso matapeti pafupipafupi. Ndipo ngati ukakamira yakaleyo thermostat ndi ma flap ake, tizitseko ta mpweya ta m'chivindikiro cha fani, usabwezere, kotentha sizifunika zimenezo zimangotsekereza mpweya. Ika distributor ya 009 basi uzipita.

Madala_Sipanala:

Iwe TurboKid, Subaru ndi injini yabwino sindikukana, koma munthuyu wanena kuti akuphunzira. Subaru imazizira ndi madzi, rediyeta aiika kuti pa bodi yopanda malo? Akaiika kutsogolo ndi mapaipi a madzi kutalika kwa galimoto yonse ndi mavuto otulutsa mpweya m'mapaipimo, akaiika kumbuyo pa roll bar ikufuna mafani amagetsi, kuwonjezera pampu ya petulo ya pressure, ECU (kompyuta ya injini) ndi mtolo wa mawaya, munthu amene buleki ikumuyatsira indiketa. Kulemera kumbuyo kuwonjezekanso, ndipo giyabokosi ya Beetle siinapangidwire mphamvu zimenezo. Bruce Meyers popanga buggy yoyamba yotchedwa Manx ku California mu 1964 nzeru yake inali yoti kagalimoto kakhale kopepuka kuti kaziyandama pamchenga, ndipo mu 1967 Manx inapambana mpikisano wa Mexican 1000 ku Baja, ku Mexico, ndi injini ya VW.

Za ma flap ndiye wanama. Akatseguka saletsa mpweya, amaulondolera ku mahedi kumene kumatentha kwambiri. Ntchito ya thermostat ndi kuti injini ifunde msanga, injini yozizira imadya maring'i ndipo petulo amatsikira mu oyilo. Thermostat ya VW yoyambirira ikafa imafutukuka n'kusiya ma flap ali otseguka, ndiye palibe choopa. Ngati thermostat yasowa, ikani ma flap muwamange ali otsegula, kusiyana ndi kuwataya.

009 imagwira, koma ilibe vacuum, ndipo ndi kabuleta ya 34 PICT-3 imakonda kuchita kachidodo ukangoponda. Ngati ndi imene ili pa injinipo, timing yake musaichite pa idle, ichiteni ndi timing light injini ili pa 3000 rpm kupita m'mwamba advance itathera, ikhale madigiri 28 mpaka 32, osapitirira. Advance yambiri ndi njira ina yobowolera pisitoni. Ndipo pulley yaing'ono ija amati power pulley musaike, imachedwetsa fani. Lamba mukamudina ndi chala pakati alowe pang'ono ngati 10 mpaka 15 mm, amamangidwa pochotsa ma shim pakati pa pulley ya jenereta.

Ndinaiwala, sinthani mapaipi onse a petulo muike ma clip, muyesenso kukoka kapaipi ka brass kolowera mu kabuleta, kamatha kuzuka petulo n'kuthira pa distributor. Ma VW ambiri anapsa ndi kameneko.

Mchenga1600:

Zikomo kwambiri nonse, ndachedwa kuyankha ndinali pansi pa galimoto. Madala mwawina kubetcha kuja, timalata ta pansi pa masilinda palibe ndi kamodzi komwe, chi chrome chija ndi chosalala chopanda kanyumba, ndipo nditachichotsa pamwamba pa silinda 3 ndi 4 ndapeza chisa cha mbewa, udzu ndi tinsanza zodzaza m'zipsepse zitaumbika ndi oyilo, ndinachita kutokosa ndi waya. Mavalavu a ekizozi awiri a hedi ya kumanja analibe mpata ngakhale pang'ono, feeler gauge imakana kulowa.

Case ndaigawa dzulo, nati imene inandivuta inabisala m'matope a oyilo pafupi ndi flywheel monga munanenera a Fundi. Mu kasefa muja munali tizidutswa tonyezimira todzaza supuni, mabeyaring'i ali ndi mizere yoti chikhadabo chikukodwa, ndiye case ndi crankshaft zapita kukayezedwa. Mayi_Magetsi, kalamba ka pa giyabokosi kanalipo koma kolendewera mbali imodzi, kangotsala tinsinga titatu. Mawaya ofiira aja ndazula onse adzaza ndowa.

Funso lina laling'ono ndisanagule doghouse: pulley imene ili pa crankshaft yanga ndi ya aluminiyamu ya madigiri, ndingadziwe bwanji ngati ndi power pulley ija kapena ndi ya saizi yabwinobwino?

Fundi_wa_Boxer:

Iyezeni ndi tepi kuchokera m'mphepete kufika m'mphepete. Ya saizi ya fakitale imakhala pafupifupi mainchesi 7, power pulley imakhala yochepera mainchesi 6, kusiyana kwake kumaoneka ndi maso. Koma poti mukugula ya sand seal, ingoitanitsani ya saizi ya fakitale, yakaleyo muike pashelefu. Case ikabwera mutiuze saizi imene aibowola musanagule mabeyaring'i, pali miyezo itatu yoti igwirizane, ya case, ya crankshaft ndi ya thrust, anthu ambiri amalakwitsa pamenepo.